MG ndi chiyani? Mafunso ndi mayankho pa zilembo ziwiri zotchuka mu Blantyre

M ndi G ndi zilembo ziwiri zokha, koma mu Blantyre zimagwira maganyu ambiri. Muziona pa nambala ya galimoto imene yaima pa maofesi a boma mu Victoria Avenue, pa paketi ya mapiritsi ku chipatala cha Gulupu, pa bolodi m'kalasi ya Fomu 3, ndipo muzimva zikunong'onedwa mu saluni ku Chilomoni. Paliponse pamenepa zikunena china. Nawa mafunso amene anthu amafunsa, ndi ena amene safunsa chonsecho ndi ofunika.

Kodi MG wa pa nambala ya galimoto amaimira chiyani?

Amaimira mawu a Chingerezi akuti Malawi Government, Boma la Malawi. Galimoto ikakhala ndi zilembo zimenezi ndiye kuti mwini wake ndi boma. Mwina inagulidwa ndi ndalama za msonkho, mwina inabwera ngati thandizo, koma mafuta amene ikumwa tikulipira ndife. Ambulansi ya chipatala cha boma, galimoto ya bwanamkubwa, njinga yamoto ya mlangizi wa zaulimi, zonsezi zikhoza kukhala MG.

Nambala za anthu wamba zimatchula dera: BT ndi Blantyre, LL ndi Lilongwe, ZA Zomba, TO Thyolo, MJ Mulanje, CZ Chiradzulu, CK Chikwawa. Blantyre ilinso ndi mndandanda wautali wa zilembo zoyamba ndi B, monga BP, BU ndi BW. MG satchula dera, amatchula mwini. N'chimodzimodzi ndi MDF wa asilikali, CD wa akazembe, ndi MP wa apolisi, amene alibe ubale uliwonse ndi MP wa ku Nyumba ya Malamulo.

N'chifukwa chake galimoto ya MG ikaoneka pa malo omwera Loweruka usiku, kapena itanyamula matumba a makala pa msewu wa Zalewa, anthu amaiyang'ana kawiri. Si miseche ayi. Akuyang'ana katundu wawo.

Zinayamba liti, nanga bwanji zili m'Chingerezi?

Zaka zake sizingapose za dzina la dzikoli. Mpaka pa 6 July 1964 kuno kunali ku Nyasaland, ndipo kunalibe boma lotchedwa la Malawi loti n'kulembedwa pa galimoto.

Za Chingerezizo n'chifukwa choti boma limalemba m'Chingerezi. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, koma m'maofesi, m'makhoti ndi m'Nyumba ya Malamulo Chingerezi sichinasunthe. Zidule zathu pafupifupi zonse zinabadwira kumeneko: ADMARC, ESCOM, MBC, MRA, MANEB. Zikanakhala kuti alembi ankaganiza m'Chichewa, bwenzi pamsewu tikuona BM.

Paja akuti mawu oti "boma" nawonso ndi chidule cha Chingerezi?

Ayi, ngakhale nkhaniyi ambiri tinaimva kwa aphunzitsi ndi kwa akuluakulu owadalira. Amati zilembo za boma zimaimira British Overseas Military Administration, ena amati Management m'malo mwa Military. Kusiyana kumeneku kukuonetsa kale kuti pali chokayikitsa. Boma ndi mawu a Chiswahili otanthauza mpanda kapena linga, malo otchingidwa pofuna kuteteza anthu ndi ziweto. Azungu oyendayenda, monga Henry Morton Stanley, ankawalemba m'mabuku awo Angerezi asanayambe kulamulira kuno mu 1891, ndipo Ajeremani nawo ankatchula malinga awo a ku Tanganyika kuti boma, iwo osakhala Angerezi. Atsamunda ankamanga maofesi awo mkati mwa linga, ndiye dzina la mpanda linasamukira kwa anthu okhala mkatimo, kenako ku ulamuliro wonse.

Zimenezi zimachitika kawirikawiri. Mawu amayamba kukhalapo, kenako wina wanzeru zake amawapezera tanthauzo chilembo ndi chilembo, nkhaniyo n'kukoma kuposa zoona. MG sali m'gulu limeneli, ndi chidule chenicheni.

Nanga MG 1 ndi MG 2 ndi galimoto za yani?

MG 1 ndi ya mtsogoleri wa dziko, MG 2 ndi ya wachiwiri wake. Nambalazi zimatsata mpando, sizitsata munthu: wina akachoka, wolowa m'malo amazipeza. Anthu a mu Blantyre amazidziwa bwino chifukwa nyumba ya mtsogoleriyo ya Sanjika ili pamwamba pa mzindawu. Mdipiti ukamatsika kupita ku bwalo la ndege la Chileka kudzera pa Kameza, kapena ku Kamuzu Stadium kudzera mu Masauko Chipembere Highway, apolisi amatseka msewu, minibasi n'kuima m'mbali, aliyense n'kusuzumira pa windo kuti aone galimoto imene yanyamula mwini wake. Mwana wokulira m'tauni muno amadziwa kuti 1 ali patsogolo, 2 akutsatira, asanaphunzire n'komwe za malamulo oyendetsera dziko.

Ndiye zinatheka bwanji kuti nambala ya galimoto ilowe m'nkhani za banja?

Zinalowa kudzera m'nthabwala za m'tauni. Mkazi wa kunyumba, wa ankhoswe ndi mphete, anthu anamutcha MG1. Chibwenzi cha mwamuna wapabanjayo chinakhala MG2, potchula amati "emuji thuu". Mwamuna akakhala wosakhutira, owerenga amapitiriza mpaka MG3 ndi MG4.

Chichewa sichinkasowa mawu. Tili ndi chibwenzi chamseri, tili ndi wam'mbali, ndipo makolo anachenjeza kalekale kuti mapanga awiri avumbwitsa. Koma MG2 ali ndi zinthu zimene mawu akalewo alibe. Amanena udindo popanda kutchula dzina la munthu. Amatha kunenedwa pa gome ana ali pomwepo, iwo n'kumaganiza kuti akuluakulu akukamba za ndale. Ndipo amavala ulemu wobwereka: akazi awiriwo amamveka ngati akuluakulu a boma limodzi, wina patsogolo wina pambuyo, onse odyera m'thumba limodzi. Kwa ine apa ndi pamene pali mphamvu ya nthabwalayi, komanso chinyengo chake. Chinthu chochitika mobisa chapatsidwa dzina la ofesi yolemekezeka.

Onaninso kuti nambala zapatsidwa kwa akazi okha. Mwamuna amene wayambitsa mdipiti wonsewu alibe nambala.

MG2 ndi chimodzimodzi mkazi wachiwiri wa pamitala?

Ayi, ndipo mayi wa pamitala akhoza kukwiya mutamutchula choncho. Mkazi wamng'ono ali ndi ankhoswe. Abale a mbali zonse amamudziwa, mkazi mnzake amamudziwa, mfumu imamudziwa. Kukagwa maliro amakhala m'nyumba ya siwa pamodzi ndi anzake, banja likavuta ali ndi kokadandaula. MG2 amadziwika ndi anzake a mwamunayo, dalaivala, ndi mwini nyumba amene amalandira lendi. Kusiyana kwake si chikondi kapena ndalama, ndi kudziwika.

Choncho musamutchule munthu MG2 pamaso pake, ngakhale moseka. Kumbali anthu amaseka nalo dzinali, koma pamaso ndi chipongwe.

Kodi lamulo limamudziwa MG2?

MG 2 wa pa nambala ya galimoto uja limamudziwa bwino kwambiri. Gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko lino limati mpando wa mtsogoleri ukakhala wopanda munthu, wachiwiri wake ndiye amamaliza nthawi yotsalayo. Tinaziona mu 2012: Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April, wachiwiri wake Joyce Banda analumbira pa 7 April, ngakhale panthawiyo anali atachotsedwa kale m'chipani cholamula. Lamulo linamuteteza pamene anzake a m'boma sankamufuna.

MG2 wa m'nyumba ya lendi alibe gawo lotere. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa bwanamkubwa, wa mwambo, wa chipembedzo, ndi wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja. Ukwati wa kwa bwanamkubwa ndi wa mkazi mmodzi, ndipo wokwatira wina pamwamba pake wapalamula mlandu wotha kumutengera kundende. Wa mwambo umalola mitala, koma potsata mwambowo, osati mobisa. Ukwati wa kukhalira limodzi uja, umene ambiri amaudalira, sungochitika wokha. Ndi khoti limene limagamula kuti ulipo, ndipo limayang'ana ngati anthuwo akhala limodzi zaka zosachepera 5, ngati amagawana chuma ndi udindo, komanso ngati anthu a m'dera amawadziwa kuti ndi banja. Chibwenzi chimene moyo wake wonse ndi kubisala chimagwa pa mayeso omwewa: mwamuna wobwera masana n'kubwerera kwawo usiku sakukhala nanu, ndipo chinsinsi si mbiri ya banja.

Zimaululika pa maliro. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akafa osasiya wilu, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana. Chibwenzi sichili pa mndandanda umenewu. Nyumba ikakhala kuti inalembedwa m'dzina la malemuyo, galimoto chimodzimodzi, MG2 uja akhoza kutsala ndi zovala zake zokha.

Ana ndiye nkhani ina, ndipo apa lamulo silipita m'mbali. Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, posatengera mmene anabadwira. Mwana wa kunja kwa banja ali ndi gawo pa chuma cha bambo ake monga mnzake wa m'nyumba, ndipo bambowo ali moyo khoti likhoza kuwalamula kupereka chisamaliro potsata lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010. Palibe mwana wa MG1 kapena wa MG2 m'mabuku a khoti. Chimene chimathandiza ndi umboni: dzina la bambo pa chiphaso cha kubadwa, malisiti a fizi, mauthenga a ndalama za pafoni. Mayi wosunga zimenezi wasungira mwana wake.

Ndi Amalawi okha amene ali ndi dzina lotere?

Ayi. Ku Zimbabwe amati small house, nyumba yaing'ono. Ku Kinshasa ndi m'maiko ena oyankhula Chifalansa amati deuxième bureau, ofesi yachiwiri, potsata bodza lakale la bambo wochedwa kufika kunyumba chifukwa cha ntchito. Ku South Africa kuli makhwapheni, wobisidwa m'khwapa. Aliyense watola chimene ali nacho pafupi. Ife tinatola mdipiti wa pulezidenti.

Tichoke ku banja. Nanga mg wa pa mankhwala?

Ameneyu ndi miligalamu, muyezo wa kulemera, ndipo amalembedwa ndi zilembo zazing'ono zonse ziwiri. Galamu imodzi ikagawidwa ka 1,000, kagawo kamodzi ndiko miligalamu. Paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi ili ndi mamiligalamu 1,000,000, supuni yaing'ono ya shuga yemweyo ili ndi pafupifupi 4,000. Chiyambi chake ndi ku France m'zaka za m'ma 1790, pamene anakonza miyezo ya mita ndi galamu kuti msika uliwonse uziyeza mofanana. "Mili" anachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza 1,000. Kuno kwathu woyang'anira kuti masikelo asanamize anthu ndi Malawi Bureau of Standards, yomwe likulu lake lili mu Blantyre momwemuno.

Pa piritsi, nambala ya mg sikunena kulemera kwa piritsi lonse. Ikunena kuchuluka kwa mankhwala enieni amene ali mkatimo, zotsalazo ndi zongomatira kuti piritsi ligwirane. N'chifukwa chake piritsi laling'ono likhoza kukhala lamphamvu kuposa lalikulu, ndipo mapiritsi awiri ofanana maonekedwe akhoza kusiyana mphamvu. Amoxicillin alipo wa 250 mg, alipo wa 500 mg. Wozolowera kumwa awiri a 250 akapatsidwa a 500 n'kumwabe awiri, wamwa mlingo wowirikiza.

Panado wa akulu ali ndi 500 mg ya paracetamol. Munthu wamkulu amamwa limodzi kapena awiri, n'kudikira maola 4 mpaka 6, ndipo sayenera kupitirira 4,000 mg pa maola 24, omwe ndi mapiritsi 8. Kupyola apo chiwindi chimaonongeka, ndipo zizindikiro zake zimachedwa kuoneka. Msampha uli pa mankhwala a chimfine: ambiri ali ndi paracetamol kale, ndiye womwa Panado pamodzi ndi amenewo akhoza kudutsa malire osadziwa. Werengani kumbuyo kwa paketi musanaphatikize.

LA, amene Malawi anayamba kugwiritsa ntchito pa malungo mu 2007 m'malo mwa Fansidar, amalembedwa 20/120 chifukwa ndi mankhwala awiri m'piritsi limodzi: artemether 20 mg ndi lumefantrine 120 mg. Mlingo wake umatsata sikelo. Mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa limodzi nthawi iliyonse, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, ndipo kuyambira 35 ndi anayi, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo womwa anayiyo amamaliza mapiritsi 24. Namwino akamayamba wakweza mwana pa sikelo asanalembe kanthu, sakuchedwetsa mzere. Akuwerengera mamiligalamu. Nawo ma ARV a piritsi limodzi pa tsiku amene ambiri akumwa kuyambira 2019 amalembedwa 300/300/50, mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir.

mg ndi ml si chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amasokonezeka. Chidule cha mg chimayeza kulemera kwa mankhwala, cha ml chimayeza kuchuluka kwa madzi amene mankhwalawo asungunulidwamo. Botolo la paracetamol wa ana likalembedwa 120 mg/5 ml, likutanthauza kuti m'mamililita 5 aliwonse muli mamiligalamu 120. Botolo lina likhoza kulembedwa 250 mg/5 ml: supuni yomweyo, mphamvu yoposa kawiri. Choncho funso lofunsa ku famase si lakuti "masupuni angati" lokha, koma "a botolo liti". Ndipo supuni ya kukhitchini si muyezo. Zina ndi zakuya, zina zosaya. Gwiritsani ntchito kachikho kapena sirinji yobwera ndi botololo.

Kodi kukula kwa chilembo kuli ndi ntchito? Si zofanana mg, Mg ndi MG?

Pa WhatsApp palibe amene angakudzudzuleni. M'sayansi ndi nkhani yaikulu. M'miyezo ya dziko lonse, m wamng'ono amatanthauza kugawa ka 1,000, pamene M wamkulu amatanthauza kuchulukitsa ka 1,000,000. Ndiye mg ndi miligalamu, koma Mg ndi megagalamu, yomwe ndi tani imodzi, matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Pakati pa awiriwa pali kusiyana kwa biliyoni imodzi, chonsecho chasintha ndi chilembo chimodzi.

Palinso mng'ono wake wa mg, wolembedwa mcg kapena µg, maikulogalamu. Mamaikulogalamu 1,000 ndiwo amapanga miligalamu imodzi. Mapiritsi oonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo akhoza kukhala ndi folic acid wa 400 mcg, yemwe ndi 0.4 mg. Cholembera chikathamanga, mcg ndi mg zimaoneka ngati mapasa. Ngati simukutha kuwerenga zimene zalembedwa m'buku lanu la kuchipatala, funsani musanachoke pa windo.

Odwala shuga amakumananso ndi mg pa kamakina koyezera. Makina ena amaonetsa mg/dL, ena mmol/L. Shuga wa munthu amene sanadye kanthu akafika 126 pa muyezo woyambawo, pa wachiwiriwo ndi 7. Posintha mumagawa ndi 18. Wina woyezetsa ku Limbe n'kuuzidwa 7, mawa lake ku Ndirande n'kuuzidwa 126, asaganize kuti matenda akula usiku umodzi.

Mwana wanga wa ku sekondale akuti Mg ndi chitsulo. Akunena zoona?

Akunena zoona. Mg, M wamkulu ndi g wamng'ono, ndi chizindikiro cha magnesium, nambala 12 pa tchati chimene amaloweza pokonzekera mayeso a MSCE. Dzinali linachokera ku dera la Agiriki akale lotchedwa Magnesia, komwenso kunachokera dzina la maginito ndi la manganese. Humphry Davy wa ku England ndiye anayamba kumupatula payekha mu 1808, ndipo njira yolemba zinthuzi ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri anaikhazikitsa Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden patangopita zaka zochepa. M yekha sakanakwana, poti manganese naye amayamba ndi chilembo chomwecho. Wina anakhala Mg, wina Mn.

Amene anaphunzira pa sukulu yokhala ndi labu amakumbukira kachingwe kotuwa kamene kakayatsidwa kamawala koyera mpaka aphunzitsi kuletsa kukayang'anitsitsa. Koma magnesium sali m'labu mokha. Ali pakati pa chinthu chimene chimabiriwitsa masamba, ndipo chimanga chikamusowa masamba a m'munsi amachita mizere yachikasu. Ali m'laimu wa dolomite wothira m'munda wa dothi lowawasa. Ali m'mapiritsi otafuna a kutentha pamtima. Ndipo m'zipinda za amayi oyembekezera, monga ku Gogo Chatinkha pa chipatala cha Queen Elizabeth, jakisoni wa magnesium sulphate ndiye amaletsa kukomoka kwa mayi amene magazi ake athamanga kwambiri ali ndi pakati. Pa zilembo zonse za M ndi G zimene takambazi, zimenezi ndizo zapulumutsa miyoyo yambiri mwakachetechete.

Ndinaona galimoto yolembedwa MG kutsogolo, koma nambala yake ndi ya wamba. Ndi ya boma?

Ayi, limenelo ndi dzina la kampani. MG wa pa mphuno ya galimoto, wokhala mkati mwa chizindikiro cha ngodya 8, amaimira Morris Garages, magalaja a William Morris a ku Oxford, ku England. M'zaka za m'ma 1920 manijala wake, Cecil Kimber, anayamba kusintha galimoto za Morris kuti zikhale zothamanga ndi zooneka bwino, mpaka zinasanduka mtundu pawokha. Fakitale yake inali ku Abingdon kuyambira 1929 mpaka 1980, ndipo MGB, yotchuka kuposa zonse, inapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, zoposa 500,000. Kampani ya MG Rover itagwa mu 2005, dzinali linagulidwa ndi Nanjing Automobile ya ku China, yomwe mu 2007 inalowa m'manja mwa SAIC ya ku Shanghai. Choncho MG yatsopano ndi galimoto ya Chitchaina yovala dzina la Chingerezi.

Mu Blantyre sizichuluka. Misewu yathu inadzaza ndi Toyota, Nissan, Honda ndi Mazda zakale zochokera ku Japan, zolowa kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Nazonso zinatipatsa chidule china: IT, zilembo za pa nambala yongoyembekezera ya galimoto imene ikungodutsa m'dziko la eni. Lero munthu akati wakwera IT kuchokera ku Karonga, palibe amene amaganiza za makompyuta.

Pa intaneti ndinaona adiresi yothera ndi .mg. Ndi ya Boma la Malawi?

Ndi ya ku Madagascar. Pa mndandanda wa zilembo ziwiri za maiko, umene bungwe la ISO linatulutsa koyamba mu 1974, MG ndi Madagascar, Malawi ndi MW, Mozambique ndi MZ, Mali ndi ML. Masamba a boma lathu amathera ndi .gov.mw, a sukulu za ukachenjede ndi .ac.mw. Uthenga wodzitcha wa boma la Malawi koma wochokera ku adiresi ya .mg ndi wokayikitsa, makamaka ukamapempha ndalama kapena nambala yachinsinsi.

Maiko awiriwa amagundana kwina. Pa mndandanda wosankhapo dziko, Madagascar amakhala pamwamba penipeni pa Malawi, ndipo chala chikatsetsereka pa foni mwasanduka nzika ya ku Antananarivo. Nambala za foni nazo zimayandikana: +261 ndi yawo, +265 ndi yathu. Podzaza fomu ya viza, ya sukulu kapena yolandirira ndalama zochokera ku Joni, bwererani pa mzere umenewu kawiri musanatumize.

MW wathuyo nayenso si wathu tokha. Pa wailesi zakale amatanthauza medium wave, ndipo m'zidziwitso za magetsi ndi megawati. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW, ndipo a ku Bangwe ndi ku Machinjiri anaphunzira tanthauzo la zilembozi ali mu mdima.

Alipo MG wina amene watsala?

Alipo angapo, koma ambiri simudzakumana nawo pa Ginnery Corner. M'mabuku a nkhondo MG ndi mfuti ya chiwaya, machine gun m'Chingerezi, Maschinengewehr m'Chijeremani, ndipo nambala ya pa MG 34 ndi MG 42 imatchula chaka, 1934 ndi 1942. Asilikali a ku America amafupikitsa udindo wa Major General kukhala MG, pamene kuno timalemba Maj. Gen. Ku Brazil MG ndi chigawo cha Minas Gerais, chotchuka ndi khofi ndi migodi.

Mmodzi yekha ndiye woyenera kumudziwa. Madokotala amalemba MG, zilembo zazikulu zonse, pa matenda a myasthenia gravis. Chitetezo cha m'thupi chimasokoneza uthenga wochoka ku mitsempha kupita ku minofu, munthu n'kumafooka: zikope zimagwa, amaona zinthu ziwiriziwiri, kutafuna ndi kumeza kumavuta, ndipo zimakula madzulo kapena akagwira ntchito, n'kuchepa akapuma. Si matenda ofala, ndipo kumudzi savuta kuwanamizira ufiti. Mankhwala ake alipo. Wodwala akayamba kuvutika kupuma, musadikire kuti kuche, thamangirani naye kuchipatala.